Mikungudza ya pa Tchalitchi cha Eliya

Evanthia anamva kulira kwa macheka a injini ali pakati pa chitunda, botolo la mafuta a nyale lili m'manja. Poyamba anayesa kuti wina akudulira maolivi ake kumunsi. Koma phokosolo linkachokera kumtunda, kumene kulibe munda wa munthu, kuli katchalitchi kakale ka Eliya Woyera basi ndi mikungudza yokazungulira. Anathamanga, mayi wa imvi amene mawondo anamukana kalekale.

Anapeza mitengo ingapo ili kale pansi, fungo la utomoni lili ponseponse. Amuna achilendo ovala zipewa zachikasu ankasadza nthambi. Pambali panaima mlongo wake wamng'ono Lefteris, wapampando wa mudzi, manja m'thumba.

"Lefteris! N'chiyani ichi?"

"Achemwali, khazikani mtima pansi."

"Ndati n'chiyani ichi!"

Mitengoyo siinali yongomera yokha. Banja lililonse m'mudzimo linali ndi wake, wobzalidwa ndi makolo pokumbukira abale amene anakwera sitima kupita ku Amereka ndi ku Australia osabweranso. Chaka chimene moto unatsika phiri n'kupsereza nkhalango yonse, ozimitsa moto osaoneka, amuna a m'mudzi ndiwo anaima pamenepa ndi nthambi ndi zidebe mpaka malawi anapatuka. Thanasis, mwamuna wa Evanthia, anachokapo atanyamulidwa. Kuyambira pamenepo mapapo ake anangotsala dzina, ndipo ankapuma ndi mpweya wa m'botolo.

Pambuyo pake Lefteris anatha nsapato m'maofesi a ku likulu la dziko, ku Athens, mpaka bungwe lina lakunja, loteteza zinthu zamakedzana ku moto ndi madzi osefukira, linavomera kuthandiza. Tsiku limene uthengawo unafika, Evanthia yemweyo anawotcha mbuzi, anthu navina pabwalo. Anauzidwa za denga latsopano, thanki ya madzi, ndi akatswiri odzatsuka zithunzi zakale za pakhoma. Za macheka palibe anatchula.

"Akatswiri awo akuti mkungudza ndi machesi," anatero Lefteris. "Mtengo uli pafupi ndi khoma uchoke, apo ayi thandizo likupita kumudzi wina. Ndikanatani?"

"Ukanatiuza! Pakamwa unasiya ku Athens?"

"Ndikanakuuzani mukanakana. Mwaona mmene denga likudonthera? Madzi akuyenda pankhope pa Eliya ngati akulira. Chilimwe chilichonse chikutentha kuposa chinzake. Moto ukabweranso adzaima pano ndani? Nkhalamba zokhazokhazi?"

"Iwe unali kuti tsiku lija? Sunali kunyanja ukusamutsa galimoto yako yatsopano?"

Mmodzi mwa ocheka aja anaseka, kenako n'kudziletsa. Lefteris makutu anafiira.

Evanthia anaika botolo pansi, napita pa mtengo wa pakhomo, waukulu kuposa yonse, umene agogo awo anabzalira mchimwene wawo wofera m'migodi ya ku Amereka. Anakhala pansi n'kuutsamira.

"Chekani. Muyambire m'chiuno mwangamu."

Macheka anazima. Kapitawo wa ochekawo anayatsa ndudu, nayang'ana wapampando ngati akufunsa kuti zapachibalezi zitha nthawi yanji.

Anthu anayamba kukwera, atamva kukuwa. Evanthia ankayembekezera kuti akhala naye pansi. Ena anagwira pakamwa poona zitsa, mayi wina analira pa chitsa cha kwawo. Koma palibe anakhala. Marigo, mnzake wa paubwana, anawerama n'kumunong'oneza kuti, "Mnzanga, mtengo umamera wina. Zithunzi zija zikafufutika ndiye basi."

"Umamera wina? Ine ndi iwe tidzaukhalira pamthunzi tili m'manda?"

Marigo anangopukusa mutu n'kubwerera m'mbuyo.

Dzuwa linafika pamutu. Evanthia ankadziwa chimene onse ankadziwa, kuti nthawi ya mankhwala a Thanasis yakwana, ndipo payekha sangathe kusintha botolo la mpweya. Lefteris ankayang'ana wotchi mobisa. Evanthia anamuona.

"Ukuwerengera mpweya wa mlamu wako, eti? Galu iwe. Amayi akanakhala moyo akanakulavulira."

Anadzuka, nasasa fumbi, natsika osacheuka. Asanafike n'komwe pachitsime cha m'mudzi, macheka anayambanso. Anali m'khichini, kapu ya madzi m'manja, pamene nthaka inagunda kuti dii, mawindo n'kunjenjemera.

Thanasis anali pampando wake pafupi ndi zenera, timapaipi m'mphuno.

"Ndi wathu uja wagwa," anatero Evanthia. "Mlamu wanu wasinthanitsa mapapo anu ndi thanki ya madzi."

Mwamunayo anapuma mwaphokoso. Kenako anati, "Anabwera kudzandifunsa. Inu muli kumsika."

"Mukuti chiyani?"

"Ndinamuuza kuti adule."

Kapu inatera patebulo mwamphamvu, madzi n'kutayikira pa mankhwala.

"Evanthia, inu simunaone. Mkungudza ukagwira moto umaphulika ngati petulo. Wa kumbuyo kwa tchalitchi uja ndi umene unanditha ine. Sindifuna mwana wa munthu adzaimenso pansi pake."

"Ndiye munapangana awiriwiri ngati mbava, ine ndikukuwotcherani mbuzi? Wa agogo anga munaupereka inu? Unali wanu?"

"Mukanakana."

"Eya, ndikanakana! Ndiye kufunsa kwake n'kumeneko! Munthu amafunsidwa kuti athe kukana!"

Anamupatsa mankhwala ena ouma, nasintha botolo la mpweya osamuyang'ana kumaso. Kenako anatuluka.

Madzulo ake lole inatsika itasenza zipika. Kapitawo anali atapangana kale ndi wina wa matabwa kutauni. Anapeza Evanthia ataima pakati pa msewu, pamene njira imapanikizika pakati pa nyumba ziwiri.

"Mayi, tapatukani."

"Bungwe lanu linalipira kudula. Linagulanso mitengo? Tsitsani."

Ulendo uno Marigo anabwera kudzaima pambali pake, kenako amayi ena, kenako ndi wansembe yemwe, ndevu zili petupetu ndi mphepo. Woyendetsa analiza hutala mpaka kutopa. Zipika zinatsitsidwa pabwalo, banja lililonse n'kuzindikira chake ndi kuchikunkhuniza kupita nacho kwawo.

Denga latsopano la tchalitchi linatha isanayambe mvula, ndipo silinadonthenso. Akatswiri atachotsa mwaye pakhoma, panatuluka mahatchi ofiira a galeta la Eliya amene ngakhale agogo sanawaonepo. Evanthia anawayang'ana nthawi yaitali ali yekha, ndipo anavomera mumtima kuti ndi okongola. Kuvomerako kunangomuwonjezera ukali.

Pa phwando la Eliya chilimwe chotsatira, anthu anadyera pansi pa malona, thukuta lili kamukamu, phiri lili mbee. Anabwera alendo awiri a ku bungwe lija, aulemu ndithu, ndipo mmodzi anagwira Evanthia dzanja n'kumuthokoza kudzera mwa womasulira chifukwa cha mgwirizano wa anthu a m'mudzi.

"Muwauze kuti mgwirizanowo akaufunse kwa wapampando," anayankha. "Ife tinangomva macheka."

Womasulira anamwetulira, nanena mawu awiri okha m'chinenero chawo, mlendoyo n'kugwedeza mutu mokondwa. Evanthia anatenga mbale ya nyama ya Thanasis, naiphimba ndi nsalu, natsika chitunda Lefteris asanayambe kulankhula.