Petulo wa m'mabotolo wa a Nellie

Golden anali makaniko wa njinga zamoto pa Lirangwe. Ankagwirira ntchito kuseri kwa shopu ya simenti, pansi pa chisakasa cha malata akale, ndipo akabaza onse a pasiteji ankamudziwa. Ankati Golden amamva matenda a njinga ndi khutu mwini wake asanatsike n'komwe. Iye akamva zimenezo ankangopukusa mutu ngati sakuzifuna, koma mumtima zinkamukomera.

Mmodzi mwa makasitomala ake anali Sankhani, bambo wa ku Chileka amene ankanyamula anthu ndi katundu m'njira zafumbi za pakati pa kwawoko ndi Lirangwe. Njinga yake inali yosiyana ndi za anzake. Inali yaitali msinkhu, ya matayala a mano, yonga zija amakwera alangizi a zaulimi, ndipo anaigula ku bungwe lina litamaliza ntchito zake. M'dzinja anzake akamakana njira za matope, iye ankangodutsa.

Dzuwa la Okutobala litayamba kuswa mtengo, Sankhani anabwera kudzadandaula kuti injini ikulira tiki-tiki ngati muli kamwala. Golden anati ndi mavalavu, ndipo anawamanga. Phokoso linatha, Sankhani n'kupita akuimba likhweru.

Pasanapite nthawi anabweranso, ulendo uno akukankha njinga.

"A Golden, m'mawa ikulira bwinobwino. Koma ndikangoyenda kamtunda, injini n'kutentha, imatsokomola kenako zii. Ndimaponda kiki mpaka mwendo kuwawa. Ndikaisiya pamthunzi kuti izizire, imalira ngati palibe chachitika."

Golden anasintha pulagi. Njinga inabweranso. Anamasula kabyuleta, naitsuka ndi kuiuzira timabowo tonse. Inabweranso. Anaikamo koyilo ina imene anachotsa pa njinga yowonongeka, akunenetsa kuti tsopano zatheka. Ulendo wotsatira Sankhani sanafike n'kuchisakasa komwe. Anaima pasiteji, thukuta lili kamukamu, mayi wina amene anamunyamula ndi dengu la tomato akumulalatira kuti wamuyendetsa wapansi dzuwa lonseli ngati wakuba. Anthu anaitana Golden, ndipo akabaza anaunjikana.

"Khutu lija latseka kodi, madala?" anatero mmodzi, anzake n'kuphulika nako kuseka.

Kusekako kunamulowa Golden. Anatsegula thanki, naika mphuno pakamwa pake, kenako anadzuka pang'onopang'ono nkhope itakwinyika. Zoona zake n'zakuti sanamve fungo lina lililonse koma la petulo.

"Iwe Sankhani, umathira mafuta a kuti? Mafuta a m'mabotolowa ena amasakaniza ndi palafini. Munthu angakonze bwanji njinga imene ikumwa zoipa tsiku ndi tsiku?"

Mitu yonse inangotembenukira kutsidya kwa msewu, kumene mayi wina anakhala pansi pa ambulera, mabotolo a petulo ali ndanda pathebulo. Anali a Nellie, mkazi wa malemu a Christmas, achimwene ake enieni a Golden. Chimwalirireni amuna awo, mabotolo amenewo ndiwo ankadyetsa ana. Aliyense pasitejipo ankadziwa kuti Sankhani sathira kwina koma kwa iwo.

Golden sanatchule dzina. Anadziuza zimenezo madzulo ake, nadziuzanso m'mawa mwake. Koma akakweza maso ali pachisakasa chake, ankaona akabaza akudutsa pathebulo paja osaima, akupita kwa wogulitsa wina kumunsi kwa msika. Ankaona a Nellie akusuntha mpando kutsatira mthunzi, mabotolo ali chidzadzire. Akaona choncho ankaweramira pa ntchito yake.

Anakhuthula thanki ya Sankhani, Sankhaniyo n'kukagula petulo wa pa filing'i siteshoni ku Lunzu. Njinga inazimabe.

"Lero mukwera nane," anatero Sankhani. "Mukaione nokha ikamafa, chifukwa pano ikafika imakhala yazizira, n'kumaoneka ngati ndikunama."

Ananyamuka dzuwa lili pamutu, Golden ali kumbuyo ndi thumba la masipanala. Anasiya tala n'kulowa njira yafumbi yodutsa m'minda imene anthu anali atayamba kale kugalauza. Poyamba njinga inkathamanga ngati ilibe mlandu. Atawoloka kamtsinje kouma n'kuyamba chitunda, Golden anamva mphamvu ikuchepa pansi pake. Injini inatsokomola, inayesanso, kenako inazima. Anali pafupi ndi Chileka, pamalo poti ndege ikamatera imaoneka mpaka matayala.

Anaikankhira pansi pa mtengo wa mango. Golden anafulumira, chifukwa ankafuna kuipeza matenda ikadali yotentha. Anachotsa paipi ya mafuta: petulo anatuluka bwinobwino, woyera. Anamasula pulagi ikumuotcha zala, naigunditsa pa injini, n'kuuza Sankhani kuti aponde kiki. Moto unathetheka, wabuluu, wamphamvu. Mafuta alipo, moto ulipo. Anabwezera pulagi n'kuponda yekha. Kiki inangotsika yopepuka, osalimbalimba ngati mmene imachitira injini ikamagwira mpweya.

Anaima phazi lili pomwepo. Injini ikutaya mpweya ikatentha. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, ndipo valavu imene ilibe mpata siitsekanso. Zimenezi anaziphunzira kalekale, ndipo akanakhala kuti njingayo anaigwira munthu wina, bwenzi ataziganiza tsiku loyamba lomwe.

Tsiku la phokoso lija linamubwerera lonse. Kunali mpira pa kanema mu shopu yoyandikana nayo, anthu atayamba kale kukuwa. Sanadikire kuti injini izizire. Kachitsulo kopyapyala koyezera mpata kanali penapake pansi pa bokosi, ndipo sanafune kukafufuza. Anangomanga mpaka tiki-tiki uja atatha, n'kuthamangira ku mpira.

"Mwapeza chiyani?" anafunsa Sankhani.

"Tiyeni izizire kaye."

Awiriwo anakhala pamizu ya mango. Sankhani ankakamba za mvula ndi mbewu, Golden akungoti "eee". Injini itazizira anatsegula kachivindikiro ka pamwamba, nagwedeza kachitsulo kokankha valavu. Sikanasunthe ngakhale pang'ono. Anakhuthula thumba lonse pansi mpaka anapeza choyezera chija, chitachita dzimbiri m'mbali. Anamasula, nayeza, namanga, nayezanso. Ntchito yonse inali yochepa moti munthu akanaigwira akudikira kuti madzi a tiyi awire.

Njinga inalira kiki yoyamba. Anaizungulitsa mpaka kumsika wa Chileka, anakwera zitunda dala, anabwerera njira yaitali. Sinatsokomole.

"Ndiye kuti mafuta a mayi aja anaononga mpaka m'kati?" anakuwa Sankhani akuyendetsa, mphepo ikumudula mawu.

Golden anayang'ana msana wa Sankhani, malaya atanyowa ndi thukuta.

"Zimatheka," anatero.

Atafika pa Lirangwe, Sankhani anazungulira pasiteji akuliza hutala. "Madala aipeza! Khutu lija lilipo!" Akabaza anaomba m'manja, ena akumugwira Golden paphewa. Iye anadutsa pakati pawo ngati munthu wodwala mutu, nakakhala pa benchi yake.

Asanapume n'komwe anaona mthunzi pakhomo la chisakasa. Anali a Nellie, atanyamula botolo limodzi la petulo ndi manja awiri.

"Alamu, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, kaya inu alamu?"

Mayiwo anakhala pa tayala lakale, naika botolo pansi pakati pawo.

"Ndamva kuti ndinu munapeza kuti mafuta angawa ndi osakaniza. Poyamba ndinakwiya, sindinama. Koma ndinaganiza kuti inu simunganene chinthu chimene simunachione, makamaka za ine. Ndiye kuti amene amandibweretsera mafuta uja wakhala akundipusitsa, ine n'kumaononga njinga za ana a eni osadziwa." Anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. "Ndabwera kuti mundiphunzitse kuzindikira kwake, kuti akabweranso ndikamuonetse. Komanso mundiperekeze kwa a Sankhani ndikapepese. Ndekha ndikuchita manyazi."

Golden anayang'ana botololo. Petulo anali woyera moti mwala wa kuseri kwake unkaoneka. Anayesa kukweza maso koma anafika pa mapazi a mayiwo basi, pa masilipasi omangidwa ndi waya. Anakumbukira kuti pamaliro a achimwene ake ndi iye amene anaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti banjali salisiya lokha.

"Alamu, mafuta anu alibe vuto."

"Mukuti bwanji?"

"Alibe vuto. Sanakhalepo ndi vuto. Njinga ija ndinaimanga molakwika ndine."

A Nellie anayang'ana botolo lija. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Nanga muja munanunkhiza thanki, munamva chiyani?"

"Palibe."

Mayiwo anatola botolo lawo, naimirira. Sanakuwe, sanatukwane. Anangoti, "Ana anga akhala akugona ndi phala," n'kutuluka.

Golden anatsala atakhala, manja ali pakati pa maondo. Akanatha kudikira kuti kude, anthu abalalike, nkhani izizire yokha. Anaganizadi zotero. Kenako anadzuka n'kupita pasiteji, sipanala ili m'manja osadziwa kuti waitenga.

Akabaza anali akadali pompo, Sankhani ali pakati akufotokoza za ulendo wawo.

"Tandimverani pang'ono," anatero Golden. Mawu anatuluka aang'ono, ndipo anachita kubwereza. "Zija ndinanena za palafini zija zinali zabodza. Njinga ya Sankhani inkazima chifukwa ndinamanga mavalavu mopitiriza, ndikuthamangira mpira. Mafuta a alamu anga ndi abwino. Ndinanena zija chifukwa munkandiseka."

Wina anayamba kuseka, koma ataona kuti ali yekha analeka. Sankhani anatsika panjinga.

"Ndiye pa mango paja munali mutadziwa kale?"

"Ndinali nditadziwa."

"Ine n'kukufunsani, inu n'kuti zimatheka?" Sankhani anagwira m'chiuno. "A Golden, ine ndawanyoza mayi aja mpaka kwathu ku Chileka. Ndauza akazi anga, ndauza anthu a kutchalitchi. Ndikawauze chiyani tsopano?"

"Ukawauze kuti ndine."

Sankhani anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nakwera njinga yake, nawoloka msewu. Onse anamuona akuima pathebulo paja, akuvula chipewa, akulankhula ataweramitsa mutu. A Nellie anamuthirira botolo limodzi osamwetulira.

Akabaza ena anabwerera kwa a Nellie tsiku lomwelo, ena patapita masiku. Ena anali atazolowera kale kumunsi kwa msika ndipo sanabwererenso, ndipo panali ena oti mpaka lero amati utsi wa mafuta a mayi aja umanunkha mwachilendo. Nkhani ya palafini inali itafika kutali kuposa kumene kupepesa kwa Golden kukanafika.

Sankhani anayamba kukonzetsa njinga yake ku Lunzu. Pasiteji panabadwa nthabwala: munthu akamapita kwa Golden, anzake ankamufunsa ngati lero kuli mpira. Golden ankaimva n'kumangopitiriza ntchito yake.

Loweruka lotsatira anatenga thumba la chimanga n'kupita nalo kunyumba kwa a Nellie. Anawapeza akuchapa kuseri. Anatula thumbalo pakhonde, naima pambali chipewa chili m'manja. Mayiwo anapitiriza kuchapa mpaka anamaliza malaya amene anali m'manja, nawafinya, nawayanika.

"Chimangacho ndalandira chifukwa cha ana," anatero osamuyang'ana. "Zinazo mundipatse nthawi, alamu."

"Ndamva."

Anadikira pang'ono ngati angamuuze kuti akhale pansi. Sanamuuze. Anavala chipewa chake n'kubwerera wapansi, kudzera njira ya kuseri kwa msika.