Pasipoti ya Malemu Kristina

Foni inawapeza mai Bibiana Kalinde ali kudimba, akuthirira tomato. Anali mkamwini wawo, akuimba kuchokera ku Cuamba, m'dziko la Mozambiki. Mwana wawo Tikhala, yemwe adakwatiwa kumeneko, anali ndi mimba yoyamba. Miyendo inali itatupa, ndipo anamwino anamuuza kuti akadikirire kuchipatala.

"Akungolirira inu, amayi," anatero mkamwiniyo. "Akuti sakufuna kuchira inu kulibe."

Mai Bibiana anataya chitini pomwepo. Njira ankaidziwa pongomva: kukwera sitima ku Limbe mpaka ku Nayuchi, kuwoloka malire, kenako kukwera ina tsidya linalo. Koma pasipoti analibe. M'chikwama chawo munali chiphaso cha unzika basi, ndi korona.

Madzulo ake kunabwera alongo awo a Mikaele, eni mbumba, atapanira kajumbo m'khwapa. Anakhala pakhonde, natulutsa kabuku mwakachetechete ngati akugulitsa kachasu. Inali pasipoti ya Kristina, mng'ono wa mai Bibiana amene adamwalira chaka chatha. Ali moyo, Kristina ankapikula zitenje ku Nampula.

"Achemwali, nkhani yatha," anatero a Mikaele. "Iyi masiku ake sanathe. Nkhope zanu n'zofanana, ngakhale ansembe ankakusokonezani pa Misa. Muvale duku lake lija, wina akafunsa muziti ndinu Kristina."

Mai Bibiana anayang'ana chithunzicho, mtima ukuwawa. Kenako anakankha kabukuko ndi chala.

"Achimwene, mwadwala? Kristina tidamuika m'manda ndi manja athuwa. Lero ndimudzutse kuti akandiwolotse?"

"Si kuba ayi. Ndi ya m'bale wanu, magazi amodzi."

"Ndikalandire mdzukulu wanga ndi dzina la munthu wakufa? Toto! Ine ndine Bibiana, ndipo ndikapita ngati Bibiana."

A Mikaele anapsa mtima mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka. "Makani anuwa! Sitima ija siyenda tsiku lililonse. Mukaiphonya sabata ino, mwana uja achira yekha pakati pa alendo. Mudzandiuze!" Ananyamuka osatsazika, kabuku kaja n'kukasiya dala pampando.

Abale, a Mikaele sankanama pa za sitimayo, ndipo mai Bibiana ankadziwa. N'chifukwa chake kutangocha anapita kwa che Ibrahim, mnansi wawo amene amakwera sitima imeneyi kukagula mpunga. Anawapeza akumanga matumba panjinga.

Che Ibrahim atamva nkhaniyo anagwira pakamwa. "Iii, amayi, mwachita bwino kukana. Pamalire sangoyang'ana duku. Amayang'ana nkhope, amafunsa mafunso, ndipo akakukayikira sakusiya. Kuyenda ndi chiphaso cha munthu wina ndi mlandu. Mukadakathera m'chitokosi, mwana akukudikirirani."

"Nanga cha unzikachi sichingandiwolotse?"

"Pachokha ayi. Chimenecho chimangonena kuti ndinu Mmalawi. Chowolokera ndi china: pasipoti, kapena chiphaso chongoyembekezera ngati ulendo uli wadzidzidzi. Palinso bodapasi, koma imeneyo ili ndi malire ake a mtunda ndi masiku. Musamve za m'maluwa, pitani ku imigireshoni ku Blantyre mukafunse nokha. Mutenge cha unzikacho. Ndipo anyamata oima pageti onena kuti akuthandizani msanga, musawapatse ndi moni yemwe."

Mai Bibiana anakwera kabaza pa Mbombwe, kwawo ku Chiradzulu, mpaka kumsewu, kenako minibasi. Ku ofesiko anapeza mzere wautali, koma mai Bibiana si munthu wothawa mzere. Atafika kutsogolo anafotokoza zonse osabisa, ngakhale za pasipoti ya malemu.

Mayi wa pa ofesiyo anamvetsera bwino. "Imeneyo isagwirenso ntchito, mwini wake adapita," anatero. "Inuyo mukupita kutali ndipo mukakhalitsa, choncho lembetsani chiphaso chongoyembekezera, m'dzina lanu, ndi chithunzi chanu. Mukabwerako mudzalembetse pasipoti yeniyeni, poti mwana ali kunja mudzayendayenda. Kodi mukutenga mwana wamng'ono?"

"Ayi, ndili ndekha."

"Chabwino. Mukadzafuna kutenga mwana, nayenso adzakhale ndi chiphaso chakechake. Kubereka kumbuyo sikumubisa."

Anajambulitsa, nalemba zofunika, nalipira pa malo oyenera n'kulandira lisiti. Koma chiphaso si mandasi oti ungogula n'kumapita. Pamene chinkakonzedwa, sitima ya sabata imeneyo inapita.

Eee, m'mudzi munatentha! Kumjigo amayi ankanong'onezana kuti Bibiana wasankha mapepala kusiya mwana. A Mikaele akakumana nawo panjira ankayang'ana kumbali. Choipitsitsa, Tikhala mwini anaimba foni.

"Amayi, mwanditaya? Anzanga onse pano ali ndi amayi awo. Ine phala akundipatsa ndi anthu osawadziwa."

Apa ndiye mai Bibiana analira, misozi yeniyeni. Kabuku ka Kristina kanali pazenera pamene adakasunga, ndipo sindikunamizani, anakatenga n'kukatsegula. Anayang'anitsitsa nkhope ya mng'ono wawoyo. Kenako anapukuta misozi ndi chitenje.

"Mwana wanga, limba," anatero pafonipo. "Ndikabwera mozemba akandigwira panjira, ndipo sudzandiona n'komwe. Ndikubwera pa khomo lenileni. Wina asakunamize kuti ndakutaya."

Atadula foni anayenda mpaka kwa a Mikaele, nawaika kabukuko m'manja anthu akuona. "Sungani m'bokosi, achimwene. Msiyeni Kristina agone."

Sabata yotsatira anali pa siteshoni ya Limbe, chiphaso chawo atachikulunga mujumbo n'kuchimangirira m'chiuno. Sitima inayenda mwaulesi, kuima apa kuima apo, madengu a nthochi ndi nkhuku zikukwera ndi kutsika. Mai Bibiana ankangowerenga korona, akupempha kuti mwana asafulumire.

Pa Nayuchi anthu ena anatsika n'kulowera kutchire ndi mitolo yawo. Mnyamata wina anawakodola mai Bibiana, nati pali njira yachidule yopanda mafunso.

"Choka apa!" anamukalipira. "Ndikuoneka ngati mbava ine?"

Analowa mu ofesi ya pamalire mutu uli m'mwamba. Mkulu wa pamenepo anayang'ana chithunzi, nayang'ana nkhope, nafunsa kumene akupita ndi masiku amene akakhale. Anayankha zonse mosadodoma, poti zinali zawozawo, zosachita kuloweza. Chidindo chinalira. Tsidya linalo anadindanso.

M'sitima ya ku Cuamba, asilikali anadutsa akufunsa ziphaso. Ena mwa aja anadzera kutchire anatsitsidwa pa siteshoni yotsatira, akudandaula, katundu ali m'manja. Mai Bibiana anangomasula jumbo yawo n'kuonetsa. Msilikaliyo anawabwezera, napitirira.

Mkamwini anawachingamira pa siteshoni thukuta lili kamukamu. "Tiyeni msanga, amayi, matenda ayamba m'mawa!"

Anamupeza Tikhala atagwira chitsulo cha bedi, akubuula, milomo itauma. Atawaona amayi ake pakhomo analira mokweza ngati kamwana.

"Amayi! Mwafikadi?"

"Ndafika, mwana wanga, ndipo palibe amene andichotse pano. Gwira dzanja langali."

Tikhala analigwira mpaka zala kuchita dzanzi, ndipo sanalisiye. Dzuwa lisanalowe munamveka kulira kwa khanda. Anali mwana wamkazi, ndipo woyamba kumufungatira mu chitenje anali agogo ake.

Inu a ku Chiradzulu ndi kwina konse, sitima ikhoza kukufikitsani pamalire, koma chokuwolotsani ndi chiphaso cha dzina lanu ndi nkhope yanu. Cha unzika pachokha sichikwanira. Cha m'bale wanu, wamoyo kapena womwalira, musachikhudze. Njira za kutchire zisiyeni. Ngati muli ndi mwana kapena m'bale kunja kwa dziko, funsani ku imigireshoni ndi kulembetsa pasipoti lero, foni yadzidzidzi isanalire.