Woyenda Chafutambuyo

Tsiku lomaliza limene Mwayiwathu anawaona amayi ake ali moyo, iye ankayenda chafutambuyo m'kolido ya fulati yawo ku Nechells, kutsidya kwa nyanja, lipenga lili pamlomo koma osaliliza. Ankayenda monyang'ama, zidendene m'mwamba, mapewa osagwedezeka. Amayi ake, a Janet, anatuluka m'chipinda atavala kale yunifolomu yawo ya unamwino, ndipo anangotsala pang'ono kugundana naye.

"Iwe, ukufuna undiphe?" anatero. "Kwathu mwana woyenda chambuyo amapha amake."

"Mami, ndi mmene timagubira ku bandi ya kukoleji. Nkhope imayang'ana owonerera, miyendo ndiye imapita kulikonse."

"Kuguba kwake kumeneko? Ife tinkaona bandi ya apolisi tili ana. Phazi linkamveka pansi, munthu akuyang'ana komwe akupita. Osati zanuzi, ngati nkhanu. Ukaipa dziwa nyimbo, anatero akale, koma sananene kuti uziimba ukuthawa."

Anamumenya pamsana ndi kachikwama ka chakudya, nafunafuna makiyi m'thumba. Ali pakhomo anatembenuka.

"Ndikafa ndikanena kuti ndi iweyo."

Anatsika masitepe akuseka. Masana a tsiku lomwelo anagwa m'wodi akupereka mankhwala. Madokotala anati mtsempha wa m'mutu unaphulika. Pamene Mwayiwathu ankafika kuchipatala, anali atatsirizika kale.

Mwayiwathu anaperekeza thupi kwawo ku Ntcheu, nabwerako yekha ndi sutikesi yopepuka. Kukoleji anapitako kawiri, kachitatu anangofika pageti n'kubwerera. Lipenga analikankhira pansi pa bedi. Anapeza ntchito panyumba ina yosungiramo katundu pafupi ndi kwawo, yonyamula mabokosi, ndipo kumeneko anzake anazindikira msanga kuti mnyamatayu ngolo ya katundu saikoka. Ankaizungulira, n'kuikankha, ngakhale pamalo opanikiza pomwe aliyense ankangoikoka n'kudutsa. Ankamuseka kuti galimoto yake ilibe giya ya rivesi. Iye ankangopitiriza kukankha. Nthawi yopuma ankadyera panja, pakhoma loyang'ana njanji.

Bambo awo anamwalira kalekale kumudzi, choncho m'fulatimo anatsalamo awiri, iye ndi mlongo wake Nicole, wa zaka khumi ndi zinayi. Anti Loyce, namwino amene ankagwira wodi imodzi ndi malemuwo, ankakhala m'fulati ya pamwamba pawo ndipo ankatsika tsiku lililonse kudzaona ngati ana adya. Kalendala ya tchalitchi kukhitchini inali idakali pa Febuluwale, mwezi umene amayi awo anamwalira. Anti Loyce anayesa kamodzi kuitembenuza, Mwayiwathu anaibweza.

Nicole nayenso ankaimba lipenga, mu bandi ya ana a sekondale yomwe inkakumana Loweruka pasukulu ina ku Longbridge. Mwayiwathu ndiye ankamuperekeza pasitima yokwerera pasiteshoni ya Duddeston, ndipo ankakhala pampanda n'kumaonerera. Bandiyo inkamupatsa mtendere. Mphunzitsi wake, a Bishop, anali msilikali wopuma ntchito, ndipo ankagubitsa ana mwachisilikali: mizere yowongoka, mapazi omveka, mtsogoleri patsogolo ndi ndodo yake. Akafika kumapeto kwa bwalo ankatembenuka onse n'kubwerera akuyang'ana komwe akupita. Panalibe woyenda chambuyo.

Koma chilimwe chitafika maondo a Bishop anakana, ndipo m'malo mwawo munabwera a Rogers, mnyamata amene anaimbako ku Amereka. Iyeyu anabweretsa kagubidwe kamene ana ankangokatchula kuti corps, komwe Mwayiwathu ankakadziwa bwino kukoleji. Phazi limatera mofewa, kuyambira kuchidendene, kuti lipenga lisagwedezeke pamlomo. Mizere imapindika, imamwazika, imakumananso. Malipenga onse amaloza kwa owonerera nthawi zonse, ndiye nyimbo ikafuna kuti ubwerere, umabwerera chafutambuyo.

Ana ambiri anagwira msanga. Nicole ankapunthwa. Zidendene zake zinkakoka pansi, ankacheuka kuopa kugunda mnzake, ndipo Loweruka lina anagwa chagada pakati pa nyimbo, lipenga n'kumutema mlomo. A Rogers anamuuza mwaulemu kuti ngati sizitheka mpikisano wa kumapeto kwa Seputembala usanafike, adzaima kutsogolo pamalo amodzi, pamodzi ndi ana aang'ono oimba timabelu.

M'sitima yobwerera Nicole anangofungatira chikwama cha lipenga mpaka kudutsa pakati pa tawuni. Kenako analankhula m'Chingerezi, monga mwa nthawi zonse, n'kumaliza ndi Chichewa chake chopindika.

"Iweyo unali katswiri wa zimenezi. Undiphunzitse, achimwene."

"Ndakupezera bandi ina," Mwayiwathu anayankha akuyang'ana pawindo. "Ya makadeti, ana ophunzira zausilikali, ku Solihull. Amaguba ngati a Bishop. Ndi kuguba kwenikweni, osati zovinavinazi."

"Chaka chatha unkati za a Bishop ndi za nkhalamba."

"Chaka chatha ndinali chitsiru."

"Anzanga onse ali ku Longbridge. Sindikufuna makadeti."

"Ndiye uzipita wekha. Ine sindikuperekezanso."

Sabata imeneyo sanalankhulane. Nicole ankadyera kuchipinda. Madzulo Mwayiwathu akamabwera kuntchito ankamva mapazi m'kolido, akukwakwaza chambuyo, n'kugunda chitseko cha bafa. Ankaima panja ndi kiyi m'manja mpaka phokosolo litaleka.

Loweruka lotsatira m'mawa Anti Loyce anatsika atanyamula mandasi m'mbale. Anapeza Nicole atavala nsapato zake zoyera, atakhala pampando, chikwama cha lipenga pamiyendo. Mwayiwathu anali kukhitchini, akutsuka kapu yoyera kale.

"Sitima sikudikira mwana wa munthu," anatero Anti Loyce. "Bwanji simunanyamuke?"

"Afunseni awo," Nicole anati, akuloza ndi mlomo.

Anti Loyce analowa kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Mwanawe, mlongo wako wandiuza. Anali patebulo tsiku lija, anamva zonse zimene amako ananena. Iye anaseka. Iweyo ndiye wazisenza."

"Anti, ndikudziwa kuti n'zabodza. Ndinaphunzira sayansi. Ndikudziwa za mtsempha."

"Nanga?"

"Mutu ukudziwa. Miyendo ndiyo sikumva." Anaika kapu pansi. "Ndikangoti ndibwerere phazi limodzi, ndimawamva akuseka pamasitepe paja. Ndiye muziti ndiphunzitse mwana zomwezo? Watsala ndi ndani woti amuphe? Ine? Inu?"

"Ine usandiwerengere, ndili ndi shuga wanga kale, akundikwanira." Anti Loyce anakhala pampando, natenga ndasi limodzi. "Tandiuza. Bedi la wodwala ukamapita nalo ku eksireyi, amakankha angati?"

"Sindikudziwa."

"Awiri. Wina kumbuyo akukankha, wina kutsogolo akukoka, akuyang'ana wodwala kumaso kuti aone ngati akupuma bwino. Wakutsogoloyo amayenda bwanji?"

Mwayiwathu anatenganso kapu ija n'kuyamba kuipukuta.

"Amako sankalola wina aliyense kukhala kutsogolo. Ankati ine ndimayendetsa ngati minibasi ya ku Limbe. Zaka zonse zimene tagwira limodzi, Janet wayenda chambuyo m'makolido a chipatala chija, kulowa mu lifiti chambuyo, kutuluka chambuyo, uku akucheza ndi wodwala. Akanakhala kuti anayenda molunjika bwenzi atafika ku Ntcheu wapansi. Tsono amake a Janet ali kuti?"

"Ali kumudzi."

"Ali kumudzi, dzulo lomweli anditumizira voisi pa foni kudandaula kuti mafuta opaka amene munawatumizira ndi onunkha mankhwala. Nkhalamba ija idzatiika tonse. Mwambi ukanakhala woona, bwenzi titalira iwo, osati mwana wawo." Anapukuta zala pachitenje. "Chakudza sichiimba ng'oma, Mwayi. Chinabwera chokha. Sunachiitane ndi mapazi ako."

Mwayiwathu anaseka pang'ono, kuseka kouma, ndipo kenako nkhope yake inakwinyika. Anti Loyce sanamugwire. Anadya ndasi lawo mpaka kumaliza, akuyang'ana kalendala.

Sitima inali itapita. Anatsika onse atatu kumalo oimikapo magalimoto kuseri kwa fulati, pomwe panali mizere yoyera yopentedwa pansi. Kunali kamphepo, ndipo kutsidya kwa mpanda galimoto yonyamula katundu inkalira ikubwerera chambuyo.

Mwayiwathu anaima moyang'anizana ndi mlongo wake, namugwira zigongono.

"Kweza zidendene. Usakhale ngati ukufuna kukhala pampando, thupi likhale pamwamba pa zala. Usacheuke. Kumbuyo kulibe chilichonse, undiyang'ane ine."

Nicole anayamba kubwerera, iye akumutsatira. Anafika kumpanda, anabwerera poyambira, anayambanso. Zidendene zinkagwabe pansi.

"Ukubera," Nicole anatero. "Iweyo ukuyenda chakutsogolo. Ine ndikufuna ndione mapazi ako."

"Ndakuuza kale mmene amachitira."

"A Rogers nawonso amandiuza. Sindinaonepo pafupi. Ndionetse, achimwene."

Anti Loyce anali atatsamira galimoto ya munthu wina, manja m'thumba la jekete, akuyang'ana kumbali ngati nkhaniyo sikuwakhudza.

Mwayiwathu anamusiya Nicole. Anaima pamzere woyera, naika mapazi pamodzi. Anakweza manja opanda kanthu kufika pamlomo, monga wagwira lipenga. Anakhala choncho nthawi yaitali, mpaka galimoto ya kutsidya ija inasiya kulira. Chitseko china chinatsekedwa m'mwamba mwa fulati, ndipo wina anatsika masitepe. Anamvetsera mpaka mapaziwo atafika pansi. Anali bambo wachikulire ndi galu wake.

Anakweza zidendene. Phazi lamanzere linapita kumbuyo, lamanja linatsatira. Mapewa sanagwedezeke. Sanacheuke. Nicole anathamanga kukaima pambali pake, natulutsa lipenga m'chikwama, nayamba kubwerera naye limodzi, maso ali pamapazi a mchimwene wake.

"Maso kutsogolo," anatero Mwayiwathu. "Uwayang'ane Anti. Ndiwo owonerera."

"Ine sindinalipire tikiti," anatero Anti Loyce, koma anaimirira bwino, nachotsa manja m'thumba.

Anafika kumpanda onse awiri, misana yawo n'kugunda waya nthawi imodzi. Anabwerera poyambira kuti ayambenso.

Linali Loweruka, pa 14 Seputembala 2024.