Mpukutu Umene Unagwera M'chiwaya

Socorro anapeza chitseko cha kuseri kwa khitchini chili ndi loko watsopano, kapepala ka mtengo kasanamatulidwe n'komwe. Anachigwedeza chitsekocho, kenaka analowa m'chipinda chodyeramo alendo manja ali m'chiuno.

"Achimwene, ndipatseni kiyi."

Mchimwene wake Rigoberto anali patebulo la pazenera, tayi wakuda akadali m'khosi ngakhale kuti mayi awo anawaika m'manda Loweruka ndipo tsikuli linali Lolemba m'mawa. Sanadzutse mutu.

"Kiyi wa chiyani? Tili pamaliro, Socorro. Kutsogolo tamangako nsalu yakuda. Mpaka titsirize masiku a mapemphero a korona opempherera malemu, muno simuyaka moto."

"Za kutsogolo ndamva. Ine ndikunena kuseri."

"Kuseriko ndiye kwenikweni. Bwana wofuna kugula malo ano akubwera Lachinayi. Ukufuna adzapeze aganyu atandanda pakhoma ngati pasiteshoni ya basi?"

Nkhani ya bwanayu Rigoberto anabwera nayo kuchokera ku Phoenix, kumene ankagulitsa magalimoto, ndipo anayamba kuinong'ona bokosi lisanatsekedwe. Bwanayo sankafuna nyumba. Nyumba yake iti, kalesitilanti ka zidina ka matebulo ochepa, kodontha mvula ikangoti waa? Iye ankafuna mbiri. Anthu a kum'mwera kwa mzinda wa Tucson ankasimba kuti tsiku lina, nkhondo yaikulu itangotha, mayi a Rigoberto ndi Socorro, Mayi Eduviges Bracamonte, anatembenuka mofulumira, chigongono chawo n'kugunda mpukutu wa totiya, mkate wopyapyala wa ufa wa tirigu, wokulungamo nyemba ndi nyama. Mpukutuwo unagwera m'chiwaya cha mafuta owira, n'kutulukamo wofiirira, wokhutchuka, ndipo chakudya chotchedwa chimichanga chinabadwa motero.

Kunena zoona, mu Tucson muno banja lililonse lokhala ndi chiwaya lili ndi azakhali ake amene anagwetsa mpukutu m'mafuta. Ukamvetsera onsewo ungaganize kuti akazi a kuno amabadwa ndi manjenje. Koma Rigoberto nkhaniyi anali ataiuza wansembe, anaiuza mtolankhani, anainenanso kumanda misozi ili mbwembwembwe, ndipo akaibwereza chigongono cha mayi ake chinkakulirakulira.

Socorro anakulira pambali pa chiwayacho, ndipo mayi ake sanawaonepo akugwetsa mwangozi ngakhale supuni. Anali mayi otambasula totiya pamkono mpaka ifike ngati tayala la njinga, yopyapyala yoonekera dzuwa, osaiboola. Komabe za mbiriyo iye analibe nazo ntchito. Aigulitse, aikwirire, zawo zimenezo. Chimene chinamusowetsa mtendere chinali chitseko. M'mawa uliwonse amuna ankaima pamphambano kudikira malole opita kuminda ya thonje ndi kumalo omanga nyumba. Amene ganyu yawalaka masiku angapo, m'thumba muli mbee, ankatsika ndi kanjira ka kuseri. Chitseko chimenecho sichinakhalepo chokhoma pa Lolemba, ngakhale sabata imene bambo awo anamwalira.

Socorro anabwerera kukhitchini. Anayatsa sitovu, n'kuikapo chiwaya chachitsulo chija, n'kuponyamo mafuta a nkhumba. Nyemba ndi nyama zotsala pamaliro zinalipo zambiri, totiya nazonso zinali mulu pansi pa nsalu. Anakulunga mipukutu, akupinda nsonga zake molimba monga anaphunzitsidwira, misozi ikutsika yokha iye osaisamala. Atatha anatenga mpeni wa patebulo, n'kuyamba kumasula masikuluu a chitsulo chimene panakoledwa lokoyo.

Fungo la mafuta ndi limene linamudzutsa Rigoberto. Anaima pakhomo la khitchini, osalowa kwenikweni. Chiyambire ubwana wake malire ake anali pomwepo, pakuti mayi ake ankati mwana wamwamuna m'khitchini amangotchinga njira.

"Wapenga kodi? Anthu akaona utsi anena chiyani? Maluwa a pamanda sanafote, iwe wayamba kale bizinesi?"

"Mwaona ndikulandira ndalama ya munthu?"

"Loko ameneyo ndagula ndine."

"Nayu, sindinamuthyole. Mukakhomere galimoto zanu ku Phoenix."

"Socorro, ndine wamkulu pano. Ndikuganizira iwe. Ukufuna ukalambe ukununkha mafuta ngati mayi?"

Sikuluu yomaliza inagwa pansi. Socorro anakankha chitseko ndi phewa, kuwala n'kulowa.

"Eya," anatero. "Ndikufuna."

Panja panali amuna asanu, ataima motalikirana ngati anthu amene angokumana mwangozi. Kutsogolo kwawo kunali a Melquíades, nkhalamba yowonda imene inathyola thonje kuyambira kale mpaka msana unapindika. Chipewa anali atachigwira pachifuwa.

Rigoberto sanali munthu woipa mtima, tisamunamizire. Atawaona, manyazi anamugwira, ndipo anaganiza zothana nayo nkhaniyo mwaulemu ndiponso mwachangu. Analowa m'khitchini muja, n'kunyamula mbale ya mipukutu yosakazinga, n'kuima nayo pakhomo ndi mawu ake ogulitsira magalimoto.

"Bwerani, abambo, musaope. Zaulere izi. Mayi anga ankakonda kwambiri anthu ovutika. Lero ndi komaliza, ndiye tengani, aliyense atenge, palibe kulipira."

Palibe anasuntha. Wina anayang'ana nsapato zake, wina anayamba kuwerenga mawaya a magetsi. A Melquíades anavala chipewa chawo pang'onopang'ono.

"Zikomo, bwana. Tadya kale ife. Timangodzapepesa maliro." Anawerama pang'ono. "Anali mayi abwino. Mulungu awalandire."

Anatembenuka, enawo n'kuwatsatira. Socorro ankadziwa kuti nkhalambayo sinalawe kanthu chiyambire Loweruka, mwina Lachisanu. Mtima unamupweteka kwambiri, ndipo mkwiyo umene anali nawo pa mchimwene wake unasanduka mantha: akakhota pangodya paja ndi njala yawo ndi ulemu wawo, sadzabweranso, ngakhale chitseko chitakhala chotsekula mpaka kalekale.

Anatsomphola mpukutu umodzi m'mbale imene Rigoberto ananyamula. Anauika m'mphepete mwenimweni mwa tebulo, pamwamba pa chiwaya. Anatembenuka ngati akufuna mchere, chigongono n'kuukankha. Mafuta analira kuti tswaa, mpaka kanjira konse kanamva.

"A Melquíades!" anakuwa. "Mwaona zimene mwandichititsa? Mumangondilankhulitsa pakhomo pano, taonani tsopano, wagwera m'mafuta. Ndani angagule chinthu chopserera chonchi? Bwerani mudzachotse nyansi zanuzi, zisandidzazire malo."

Nkhalamba ija inaima. Inakhala kanthawi itapereka msana, mapewa akugwedezeka. Kenaka inabwerera, ikupukusa mutu ngati munthu amene wasokonezedwa pa ulendo wofunika.

"Inu a m'nyumba muno simudzaphunzira," inatero, ikupukuta m'maso ndi chala chachikulu. "Manja a mayi anu enieni. Zaka zonsezi kumangogwetsa, kumangogwetsa. Bweretsani kuno, tikuthandizeni kutaya. Nanga titani?"

Socorro anauvuula uli wofiirira, n'kuukulunga m'pepala, n'kuwapatsira kumbali osawayang'ana kumaso.

"Musandithokoze, mwandionongetsa katundu."

"Ndani akukuthokozani? Tsabola mwachepetsanso, ndikumva fungo lake."

Wachiwiri unagwa, wachitatu unagwa, wachinayinso unagwa. Aliyense anatukwanidwa mokwanira: uyu chifukwa chotsokomola, uyo chifukwa choima potchinga kuwala. Aliyense analandira monyinyirika, n'kuika kam'phukusiko m'thumba la malaya.

Rigoberto anali chiimire ndi mbale m'manja, kukamwa kuli yasa.

"Mayi ankachita chonchi?" anafunsa motsitsa mawu.

"M'mawa uliwonse, inu mukadali m'bulangeti."

"Nanga nkhani ija? Ya tsiku limene mpukutu unagwa lija?"

"Panalibe tsiku, achimwene. Mpukutu wamba ukautengera kumunda, dzuwa likafika pamutu wasasa. Wokazinga umafika madzulo. Mayi anayamba kukazingira bambo, kenaka anzawo a bambo amene analibe kanthu. Koma mwamuna wa manja ake awiri sungamupatse chakudya ngati wopempha, mwaona nokha. Alendo a kutsogolo ankamva kukuwako, n'kufunsa kuti chagwacho n'chiyani, tilaweko. Mumafuna mayi awayankhe kuti chiyani? Kuti panja pali anthu a njala?"

Anapukuta manja paepuloni, n'kuyang'ana mchimwene wake m'maso.

"Bwana wanuyo mumugulitse mbiriyo, aliyense m'tauni muno ali nayo kale. Koma theka la nyumba ino ndi langa, ndipo theka langalo ndi khitchini. Chitseko ichi sindikhoma. Lachinayi akabwera mumuuze choncho, kapena ndimuuza ndekha."

Panja panatsala munthu mmodzi, bambo wamtali wachilendo amene ankaoneka kuti wangofika kumene m'tauni ndipo sankadziwa kuti zimayenda bwanji. Anali atayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, ndipo m'mbale munatsala mpukutu umodzi.

Socorro anatambasula dzanja kuti autenge, koma Rigoberto anabweza mbaleyo. Anayandikira chiwaya mwamantha, ngati munthu woyandikira galu wa eni ake. Anapendeketsa mbale. Mpukutu unatsetsereka, n'kugwa moipa, mafuta n'kumuthovukira pamalaya ake oyera ndi padzanja. Analuma mano, osafuula.

"Wagwa," anatero.

"Mokweza, achimwene. Mlendoyo sakumva. Ndipo mumukalipire."

Kumanda Rigoberto analira bwino, molongosoka, anthu n'kumamuyamikira. Apa nkhope inangokwinyika ngati ya mwana, ndipo anaima pomwepo akuyang'ana mafuta.

Socorro anamusiya. Anasuzumira pakhomo, n'kumukodola mlendo uja ndi chipande.

"Inu bambo aataliatali, mukuthawira kuti? Mwawadzidzimutsa achimwene anga ndi utali wanuwo mpaka agwetsa katundu. Dikirani pomwepo, mutichotsere."

Munthuyo anaima, n'kuvula chipewa. Rigoberto anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, anang'amba pepala lokulungira, n'kudikira pambali pa mlongo wake kuti mbali inayo ifiire.