Malo a a Sumani pa Chingwe

Zakia anachotsa bambo ake pa chingwe cha khoka ndi pakamwa pake, kafukufuku asanathe n'komwe. Mwana ameneyu ndi waphuma chibadwire.

Ankagwira ntchito m'gulu lofufuza minofu ya anthu okalamba m'madoko a Mangochi, ndipo iye ndiye ankasanthula manambala pa kompyuta. Manambala oyambirira anaonetsa kuti munthu akamakula minofu yake imachita ngati dzimbiri, mpweya womwe timapumawu n'kumaidya pang'onopang'ono. Atangoona zimenezo, uyo wakwera minibasi ya ku Nkopola.

"Achimwene," Zakia anauza mchimwene wake Hafiz, mwini khoka, "ababa adutsa zaka sikisite. Muziwakoketsabe chingwe mpaka adzagwere m'madzi?"

A Sumani, bambo akewo, anakana. "Ine palibe chikundiwawa, mama."

"Manambala sanama, ababa."

Hafiz anaopa kuti anthu aziti akuzunza kholo. Anagula mpando wapulasitiki n'kuuika pakhonde, mkulu uja n'kukhalapo. Anzake akamaimba pokoka khoka, iye amakhala akuingitsa nkhuku.

Kafukufuku anatha chaka chinacho. Manambala onse atakwana, Zakia anagawa okalambawo pawiri, ogwirabe ntchito ndi ongokhala. Dzimbiri lija linalipo mwa onse, inde, koma ofooka msanga anali ongokhalawo. Anabwereza masamuwo akulakalaka atapeza polakwika. Panalibe. Mtima unamuwawa koopsa, ndipo womuloza chala analibe koma iye mwini.

Atabwerera ku Nkopola, bambo ake anawapeza pa mpando womwe uja, koma tsopano unkaoneka waukulu. Nthawi ya swala, pemphero la masana, itakwana, a Sumani ananyamula ketulo ya madzi otawazira asanapemphere ndi manja awiri, madzi akukhavukira pa miyendo. Manja omwe aja ankakokera bwato kumtunda.

"Ababa, ndinalakwitsa," anatero Zakia atagwada. "Ndinathamangira kulankhula. Bwererani ku chingwe, achimwene ndikambirana nawo."

A Sumani sanakwiye, ndipo bola akanakwiya. Anaika ketulo pansi, natambasula dzanja.

"Tagwira apa. Koka."

Zakia anagwira, n'kukoka pang'ono chabe, monga ankachitira ali mwana, masiku omwe mkono umenewu sunkagwedezeka ngakhale aulendewere. Mkulu uja anazuka pampando n'kudzagwera pa phewa lake, wopepuka ngati mtolo wa udzu.

"Waonatu, mama," anatero chapansipansi. "Ukamuuze Hafiz asavutike. Malo angawo apatse wina."