Makina a Khofi a Towela

Chaka chimene mizere ya sopo ndi shuga inatha m'Kafue, ntchito nazo zinatha. Masitolo anadzaza katundu wa ku Joni mpaka pakhomo, zinthu zonyezimira zoti munthu sungadziwe ngati n'zophikira kapena zopachika pakhoma, koma azibambo ambiri a ku Nangongwe anali pansi pa mitengo ya mango ndi makalata owachotsa ntchito m'matumba. Mwamuna wa Mwandida anali mmodzi wa iwo. N'chifukwa chake Mwandida, amene onse ankamuitana kuti Amake Yankho, ankapita ku Chanyanya kawiri pa mlungu kukaoda nsomba zogulitsa pamsika.

Tsono Towela ankakwatiwa. Towela anali mwana wa malemu mkulu wake wa Mwandida, ndipo Mwandida anamulera kuyambira ali ndi zaka zinayi, chikuku, chifuwa, mayeso, zonse. Mwamuna wake anali Nelson wa ku Kafue Estates, wogwira ntchito mu ofesi ku Lusaka, munthu wabwinobwino wopanda vuto. Vuto linali azakhali a Nelson, Ba Audrey. Tsiku limene anabwera kudzaona kwawo kwa mtsikana, mayi ameneyu anakhala nthawi yonse kampango kali pamphuno, kenako anafunsa mokoma, "Nanga uyu mwana adziwa kugwira kapu na sosala?"

Towela anangoyang'ana pansi, osayankha. Mawu a Ba Audrey Mwandida akanawameza, pamsika amamva oposa pamenepo. Chimene chinamubaya chinali kukhala chete kwa mwanayo. Anayamba kuopa kuti Towela wayamba kuchita naye manyazi, kuti akangolowa m'nyumba za ku Estates zija, Nangongwe ndi fungo lake la nsomba adzazitsekera kunja.

Panatsala kichini pate. Pamwambo umenewu mayi aliyense amalowa m'bwalo akuvina, amagwada kutsogolo kwa mkwatibwi, amamasula mphatso yake ndi kufotokoza pamaso pa onse mmene imagwirira ntchito. Ena abweretse mapoto ndi mithiko, ndi zawo zimenezo. Mwandida anafuna chinthu chotseka pakamwa Ba Audrey. Anali atamva Towela akunena kuti Nelson samwa tiyi m'mawa, amamwa khofi. Basi, makina a khofi.

Lachitatu masana anavala chitenge chake chakutchalitchi n'kupita kusitolo ya Ba Lastone pafupi ndi siteshoni. Ba Lastone ankagwira ntchito limodzi ndi mwamuna wa Mwandida kufakitale, ndipo atachotsedwa anatsegula sitolo n'kubadwanso mwatsopano mwezi womwewo.

"Aleluya, Amake Yankho! Mulungu ndiye wamutumani. Makina ya khofi? Nili nayo yatatu, yonse ya ku Joni."

"Nifuna yosavuta, Ba Lastone. Yosavuta chabe. Mwamvera?"

Anamva kuti? Anayamba ndi ovuta kwambiri, makina akuda a pulagi okhala ndi jagi yagalasi ndi kagetsi kofiira. Anawasisita, anawatamanda, anatchula vesi. Atatopa ndi pamene anaulula kuti amafuna timapepala tosefera, kamodzi pa khofi aliyense.

"Tumapepala twake tuli kuti?"

"Ku Lusaka tungapezeke. Kapena."

"Manje mwana wanga azikwera minibasi kukafuna pepala kuti mwamuna amwe? Nanga malaiti yakayenda? Chotsani."

Achiwiri anali kachitsulo ka zigawo ziwiri zopotokola, koika pamoto. Ba Lastone anapotokola kumanja, kanakana. Anapotokola kumanzere, thukuta kamukamu, kanakanabe. Anakapana pakati pa mawondo akupemphera chamumtima, ndipo katatseguka mwadzidzidzi kamphira kena kanadumpha n'kukalowa pansi pa firiji. Anagwada kukafunafuna, matako m'mwamba, akulankhulabe.

"Aka kakapya kamalira fwiii, ndiye kuti khofi yapya. Koma musachedwe kuchotsapo."

"Ukachedwa?"

"Sininayesepo."

Aa, koma anthu ena! Mwandida anapumira m'mwamba. Anasiya nsomba zake m'manja mwa mnzake wapamsika kuti adzaone zimenezi? Mwana analera yekha akam'patse bomba loika pambaula?

Achitatu analibe pulagi, analibe mphira. Inali jagi yagalasi yoongoka, chivindikiro chake chili ndi kamtengo kachitsulo ndi kasefa kumapeto. Uthira khofi, uthira madzi otentha, udikira pang'ono, utsindika kamtengo pansi, watha. Mwandida anatsindika katatu jagi ili yopanda kanthu, ndipo mtima unakhala pansi. Pepala la malangizo linali m'zilankhulo zinayi, ndipo mbali ya Chingerezi inali itanyowa n'kumatirira.

"Nanga khofi yake ni iti?"

"Khofi ni khofi, amai," anatero Ba Lastone, n'kutsitsa chitini cha khofi waufa amene aliyense ankamudziwa, uja wosungunuka ndi supuni. Amati safunsa anadya phula. Mwandida anafunsa, koma phula analidyabe.

Loweruka bwalo la nyumba ina ku Estates linadzaza azimayi. Ng'oma zinalira, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Towela anakhala pamphasa miyendo ili tambalale, mutu uli wera, alangizi awiri uku ndi uku. Mkwatibwi tsiku limeneli sadzutsa mutu, saseka, salankhula, ngakhale ntchentche im'tere pamphuno. Akatero anthu amati sanalangidwe, ndipo manyazi amagwera onse amene anamuphunzitsa.

Panadutsa mapoto, mbale, lichero, mabeseni awiri ofanana. Dzina la Amake Yankho litaitanidwa, Mwandida anamanga chitenge m'chiuno n'kuvina mpaka oimba ng'oma anadzuka pamipando. Anagwada, anamasula pepala, anakweza jagi ija m'mwamba kuti dzuwa liwalepo. Azimayi anati, "Eee!" Anafotokoza zonse monga anaziloweza, mawu osanjenjemera.

Ba Audrey anali pampando wakutsogolo, atavala magalasi akuda. "Iyayi, zokamba chabe sitimvera," anatero. "Tionetseni. Bweretsani ketulo."

Ketulo inabwera ikufuka nthunzi, pamodzi ndi kapu ndi sosala. Mwandida anatsegula chitini, anathira masupuni anayi, anathira madzi. Khofi anasungunuka pomwepo, monga amachitira masiku onse. Anadikira pang'ono monga anauzidwira. Kenako anatsindika kamtengo, ndipo kanatsika fyuu mpaka pansi osakumana ndi kanthu. Anathira m'kapu.

"Manje ako kamtengo kachita chani?" anafunsa Ba Audrey.

Mwandida anayang'ana jagi. Kachitadi chiyani?

"Iyi ifuna khofi ya mbewu, yogaya, yamene isiya nseche pansi. Ndiye nchito ya sefa. Iyi ya m'chitini olo na chala mungavundule." Ba Audrey anatembenukira kwa anzake. "Agula njinga yoyendera kuchoka pa bedi kufika pa mpando."

Bwalo lonse linaphulika. Ena anagwa chagada, ena anamenyana m'manja, ngakhale azimayi a ku Nangongwe amene anakwera naye minibasi imodzi anabisa nkhope m'zitenge mapewa akugwedezeka. Mwandida anali chigwadire, kapu ili m'manja, makutu akutentha. Anakwiyira Ba Lastone ndi aleluya wawo, anakwiyira anthu a ku Joni otumiza zinthu zopanda zinzake, anadzikwiyira yekha koposa. Akanangogula poto ngati munthu! Kumbali ya Towela sanayerekeze n'komwe kuyang'anako. Anadziwa kuti mwanayo wamva zonse, ndipo tsopano ali nacho chifukwa chenicheni chochitira manyazi.

"Tayani iyo," anatero Ba Audrey akupukuta misozi yakuseka. "Nelson wathu sangamwe. Wotsatira!"

"Amai, nipatseni."

Mawuwo anachokera pamphasa. Towela anali atadzutsa mutu, maso ali pa Mwandida, manja onse awiri atatambasula. Ng'oma imene inayamba kuitana wotsatira inalekera panjira. Mlangizi wakumanja anamutsina pantchafu, wakumanzere ananong'ona mwaukali kuti, "Iwe, weramira pansi!" Towela sanasunthe.

Analandira kapu ndi sosala yake bwinobwino, n'kumwa. Khofiyo anali wotentha, wopanda shuga, wopanda mkaka, masupuni anayi athunthu, wowawa ngati mankhwala a malungo. Anamwa pang'onopang'ono pamaso pa azimayi onse aja, nkhope osakwinya, mpaka kapu inauma. Anaibweza pasosala osaliza.

"Yabwino, amai," anatero mokweza kuti akutsogolo amve. "Muzabwera kunyumba kwanga muzinipangira. Nithirireni ina."

Palibe anaseka. Ba Audrey anavula magalasi. Kumbuyo mayi wina wa ku Nangongwe anayesa kanthungululu kamodzi, mnzake n'kumugwira pakamwa.

Mwandida anakhudzidwa mtima, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa kwambiri. Miyezi iwiri alangizi akumuphunzitsa mwana ameneyu, nkhuku ziwiri zinapita, lero aswe mwambo pamaso pa apongozi chifukwa cha khofi woipa chonchi? Mawa Kafue yense adzakhala akunena kuti Amake Yankho analera mwana wosamva. Anasendera pafupi chogwada, jagi ili m'dzanja.

"Weramitsa mutu, iwe mwana wopanda mwambo," ananong'ona. "Ufuna kunipha na manyazi?"

"Thirani, amai."

Anathira. Theka linapita pasosala, chifukwa maso anali atadzaza ndipo kapu sankaionanso bwino.