Khutu Lobwereka

Amene analakwira Chidebe ndi mlamu wake wometa uja, mlongo wa mkazi wake, chaka chimene Chidebe anasiya ntchito. Anamulanda gitala masana, anthu akuona.

Dzina la Chidebe linachokera ku ntchito. Moyo wake wonse anathera pansi pa shedi kuseri kwa msika, kukhoma ndowa ndi zidebe. Hamala inamusiyira zala zolimba ngati mizu, komanso khutu lakumanzere lomangolira ngati mwalowa udzudzu. Paunyamata ankaimba magitala obwereka. Atagulitsa zida zake, anati tsopano agula yakeyake, imodzi yokha, yodzafa nayo.

Anaipeza m'sitolo ya katundu wakale, itapachikidwa pakati pa mawailesi akufa ndi makina osokera. Inali yabokosi, yosuluka, ndi chipsera cha ndudu pafupi ndi bowo. Zamagetsi sankazifuna. Ankati gitala yokhala chete magetsi akazima ndi mlendo, si wapanyumba.

Kusankha ankakudziwa. Anatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana khosi lake kuchokera kumutu, monga ankayang'anira mkombero wa ndowa. Linali lowongoka. Nsambo zinagona pafupi ndi khosi, zosavuta kudina. Anagogoda pamimba ndi chala, sipanamveke mng'alu. Anapotokola zokungira, zonse zinagwira.

Koma panatsala chimodzi. Gitala imaponya mawu kutsogolo. Woimba amakhala kumbuyo kwake ndipo amangomva zotsalira. N'chifukwa chake odziwa amapita awiri: wina aimbe, wina aime patali amve. Kwa munthu wa khutu limodzi ndi theka, zimenezi sizinali zokambirana. M'mawa mwake anatenga mlamu wake, amene nayenso ankakanda nsambo makasitomala akasowa.

"Alamu, imani apo pakhomo mundimvere," anatero Chidebe.

Anakhala pa kreti n'kuyamba kuimba. Wometa anapendeketsa mutu, kenako anakwinya mphuno.

"Bwanji?"

"Musandide, alamu. Ikulira ngati ndowa zanu zija, yobooka pansi."

"Aa, inu! Kuno ine ndikumva bwinobwino."

"Ndi khutu liti? Lakumanzere lija linapuma pa ntchito inu musanapume."

Chidebe anayang'ana mwini sitolo. Iye anangokweza mapewa. "Ine magitala sindiwadziwa, achimwene. Ndimangogulitsa."

"Ndiye khalani apa muimbe inu, ine ndikaime uko," anatero Chidebe.

Wometa anakweza chala chomata pulasitala. "Lumo landidya m'mawa uno. Ngakhale supuni ikundikanika."

Atatero anatsitsa gitala ina, yofiira, yonyezimira ngati galimoto ya ukwati. Chidebe anaimbako pang'ono, mlamu pakhomo n'kuwomba m'manja. "Iyi ndiye gitala! Ikulankhula ngati munthu wophunzira."

Chidebe anatsinzinanso diso. Khosi la yofiirayo linapindika pang'ono, ndipo ananena.

"Zimawongoka zokha zikazolowera nyumba," anayankha wometa. "Kodi ine ndingakunamizeni, bambo wa ana a mlongo wanga?"

Chidebe sankakhulupirira munthu. Ogulitsa malata, akhansala, ngakhale anamwino, onse ankawayang'ana cham'mbali. Koma tsiku limenelo anakhulupirira khutu lobwereka kuposa diso lake. Anatuluka ndi yofiira.

Mvula itagwa, khosi lija linapinda ngati uta. Nsambo zinakwera mpaka chala kulowa pansi pake. Zala zimene malata anazilephera zinayamba kuthetheka. Ukaichuna kumutu, pakati imanama. Anabwerera nayo kusitolo, mwini wake n'kumuonetsa chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa.

"Nanga yosuluka ija?" anafunsa Chidebe.

"Inapita tsiku lomwe lija, madzulo. Anzanu aja anabweranso. Anakhala pa kreti pomwepo n'kuimba mpaka anthu kuima pakhomo."

Chidebe analunjika kometera. Asanafike n'komwe, anamva gitala kuchokera mumsewu. Mawu ake anali onona, nsambo iliyonse ikumveka payokha, zazikulu zikugunda m'chifuwa. Anaima pakhomo. Aka kanali koyamba kuimva ali kutsogolo kwake. Wometa anali pa mpando wa makasitomala, mwendo pamwamba pa unzake, tsitsi la anthu lili mbwee pansi.

"Alamu, gitala iyo ndaidziwa."

"Magitala amafanana ngati mazira, alamu."

"Mazira sakhala ndi chipsera cha ndudu."

Wometa anaseka. "Oo, iyi? Ndinaimvera chisoni, munaisiya yokha ngati mwana wamasiye. Kodi ndinakumangani manja? Chikwama chinali m'thumba mwanu, makutu pamutu panu."

"Chala chija chinapola?"

"Tsiku lomwelo. Mulungu ndi wabwino."

Anthu odikira kumeta anaseka, wina mpaka kutsamwa.

"Tisinthane. Munati yofiira ndiye gitala," anatero Chidebe.

"Ija ndamva kuti alongo anga akuyanikapo matawulo? Ayi, zikomo. Khalani pansi ndikumeteni ulere, mtima utsike."

Chidebe sanakhale. Kunyumba anafotokozera mkazi wake zonse, kuyambira pa pulasitala. Mayiyo anamvetsera akupinda zovala.

"Ndiye mukufuna ndidane ndi mlongo wanga chifukwa cha thabwa, bambo a ana?"

"Si thabwa."

"Nanga n'chiyani? Inu muli nayo yanu, iwo ali nayo yawo. Yanu ndiye yokongola."

Kuyambira pamenepo Chidebe amametedwa ndi mkazi wake, ndi sizasi, kuseri kwa nyumba. Gitala yofiira ili pamwamba pa wodiropu, nsambo ziwiri zinaduka. Yosuluka ija imapachikidwa kometera, pamwamba pa galasi. Abale akasonkhana, wometa amabwera nayo ndipo abalewo amamupempha kuti aimbe. Chidebe, poti ndi wamkulu, amamuikira mpando kutsogolo.